KUCOKERA KU KULIRA KUFIKA KU MAU: KUUNIKA KAFUKUFUKU WA ULULU NDI KAKULIDWE KA CINENERO CA ANA

1. Mau Oyamba

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Mwambi umenewu umaika udindo wonena za ululu pa mwini thupi, pakuti palibe angalowe m'thupi la mnzake kukamva cimene iye akumva. Koma mwambiwu umanena za munthu wamkulu, amene ali ndi miyendo yofikira pacitseko ndi pakamwa pofotokozera vuto lake. Nanga khanda la masiku atatu? Nanga mwana wa zaka ziwiri amene mau ake akali owerengeka? Mafunso otere akhala akuvutitsa akatswiri a maganizo a ana, madokotala ndi anamwino kwa zaka zoposa 40, ndipo poyesa kuwayankha alemba zambiri zimene ife a maphunziro a zinenero tiyenera kuziwerenga mosamala.

M'nkhani ino tiunika kafukufuku ameneyu. Mfundo yathu ndi yakuti ofufuza anakonza colakwa cimodzi cacikulu, cakuti wosalankhula samva ululu, koma anasiya cina cobisika, ndico kuganiza kuti njira imene mwana wolankhula Cingerezi amadzera pocoka pa kulira kufika pa mau ndiyo njira ya ana onse a pa dziko. Tiyamba ndi kuyamikira zimene kafukufukuyu anakwanitsa, kenaka tionetsa pamene akutsimphina tikamuika pafupi ndi Cinyanja, ndipo pomaliza tinena nchito imene yatsalira madipatimenti a zinenero za mu Africa.

2. Nthawi Imene Wosalankhula Ankayesedwa Wosamva

Kufikira m'zaka za m'ma 1980, madokotala ambiri a ku Ulaya ndi ku America ankakhulupirira kuti khanda silimva ululu monga momwe wamkulu amamvera. Ankati mitsempha yake sinakhwime, ubongo wake sunafike pozindikira cimene cikucitika, ndipo ngakhale litamva kanthu silidzakumbukira. Panalinso mantha enieni akuti mankhwala ogonetsa angaphe khanda lofooka. Motero makanda ena, makamaka obadwa masiku asanakwane, ankacitidwa opaleshoni atapatsidwa mankhwala oletsa minofu kugwedezeka, koma osapatsidwa mankhwala okwanira oletsa ululu. Ana okulirapo naonso sankasamalidwa bwino. Mu 1977 Eland ndi Anderson anafalitsa zimene anapeza pa cipatala cina ca ku America, kuti mwa ana 25 amene anacitidwa opaleshoni, 13 sanalandire mankhwala alionse oletsa ululu pambuyo pake.

Caka ca 1987 ndico cinatembenuza zinthu. K. J. S. Anand ndi anzake a ku Oxford analemba m'magazini ya The Lancet za makanda obadwa msanga amene anacitidwa opaleshoni ya mtsempha wa pafupi ndi mtima. Onse anapatsidwa mankhwala a masiku onse, koma ena anaonjezeredwa mankhwala amphamvu oletsa ululu ochedwa fentanyl. Amene sanaonjezeredwe anapezeka ndi mahomoni ambiri osonyeza kupsinjika kwa thupi, ndipo anakumana ndi zovuta zambiri opaleshoni itatha. M'caka comweco Anand ndi P. R. Hickey anasonkhanitsa umboni m'magazini ya New England Journal of Medicine wosonyeza kuti njira za ululu m'thupi la khanda zimagwira nchito, ndipo Ruth Grunau ndi Kenneth Craig a ku Canada anakonza njira yowerengera ululu pa nkhope ya khanda: kukwinya pamphumi, kufinya maso, ndi kutsekula pakamwa. Mu 1997 Anna Taddio ndi anzake anaonetsa kuti ana aamuna amene anadulidwa ali makanda popanda mankhwala oletsa ululu ankaonetsa ululu waukulu polandira katemera patapita miyezi 4 kapena 6, kusonyeza kuti thupi limasunga zimene pakamwa sipanganene. Ndipo mu 2015 ofufuza a ku Oxford, pojambula ubongo wa makanda 10 ndi akulu 10, anapeza kuti mwa zigawo 20 za ubongo zimene zimadzuka wamkulu akamva ululu, 18 zimadzukanso mwa khanda.

Zonsezi n'zoyamikika. Koma ife tifuna kuona mbali ya cinenero m'mbiri imeneyi. Bungwe la International Association for the Study of Pain linapereka tanthauzo la ululu mu 1979, ndipo m'mau ofotokozera tanthauzolo linanena kuti munthu amaphunzira kagwiritsidwe nchito ka liu la ululu kupyolera m'kuvulala kwa paubwana. Mu 1996 Anand ndi Craig anadandaula kuti tanthauzoli likutsamira kwambiri pa zimene wodwala wanena yekha, cotero likusiya panja makanda ndi onse osalankhula. Bungweli linakonzanso tanthauzo lake mu 2020, ndipo linanena momveka kuti mau ndi njira imodzi cabe mwa njira zingapo zosonyezera ululu. Apa tikuona kuti pa muzu pa colakwa ca madokotala panalinso maganizo olakwika pa za cinenero, akuti cimene sicinachulidwe kulibe.

3. Mau Oyamba a Ululu

Atavomereza kuti khanda limamva ululu, ofufuza anafunsa funso laciwiri: kodi mwana amayamba liti kunena za ululu wake, nanga amanena motani? Funsoli analiyamba kale Ludwig Wittgenstein m'buku lake la Philosophical Investigations la mu 1953. Iye anaganiza kuti mwana akavulala amalira, ndipo akulu amamuphunzitsa mifuu, kenaka ziganizo, kotero kuti mau amalowa m'malo mwa kulira. Ngati zili conco, ndiye kuti mau a ululu amaphunziridwa pa miyendo ya mai, m'cinenero ca pakhomo, ndipo sangafanane m'zinenero zonse.

Kafukufuku wodziwika pa mbali imeneyi ndi wa Elizabeth Stanford, Christine Chambers ndi Kenneth Craig, wofalitsidwa mu 2005 m'magazini ya Pain. Iwo anasanthula zolankhula za ana zosungidwa mu CHILDES, nkhokwe imene Brian MacWhinney ndi Catherine Snow anakhazikitsa mu 1984, ndiponso anafunsa makolo. Anapeza kuti ana amadalira mau ocepa, makamaka "hurt", "ouch" ndi "ow", kuti mau amenewa amayamba kumveka mwana ali ndi miyezi pafupifupi 18, ndi kuti dzina lakuti "pain" silimveka kawirikawiri ndipo limabwera mocedwa. Phunziro la zimenezi kwa namwino wa ku Canada n'loonekeratu: afunse mwana ndi liu limene mwanayo amalidziwa. Ubwino wa kafukufukuyu ndi wakuti anamvetsera ana eni ake m'malo mongoganizira zimene angathe kunena.

Kafukufuku wina wakale ndi wa Gaffney ndi Dunne wa mu 1986. Iwo anapempha ana a sukulu 680 a ku Ireland, a zaka 5 mpaka 14, kuti amalize ciganizo conena cimene ululu uli. Mayankho anawaika m'magawo motsatira ciphunzitso ca Jean Piaget ca kakulidwe ka nzeru. Ana aang'ono ankaloza malo a m'thupi ndi zinthu zooneka, pamene okulirapo ankapereka matanthauzo okhudza maganizo ndi mtima. Ofufuzawa anati kusintha kumeneku kukusonyeza kukhwima kwa nzeru.

Apa ndipo pakuyambira kudandaula kwathu. Nchito imene anawa anapatsidwa inali yotanthauzira dzina, ndipo kutanthauzira dzina ndi luso limene limaphunzitsidwa m'kalasi. Mwana amene wakhala zaka zambiri pa sukulu adzayankha mofanana ndi buku lotanthauzira mau, cifukwa ndizo wazolowera. Tikatembenuza funsoli n'kufunsa gogo wa zaka 70 ku Cadiza kuti ululu n'ciani, yankho lacibadwa ndi lakuti ululu ndi pamene msana ukuwawa, kapena pamene dzino likukusowetsa tulo. Pa muyeso wa Gaffney ndi Dunne gogoyu agwera pa gawo la mwana wa zaka 6. Motero muyesowo ukusakaniza zinthu ziwiri, kukula kwa nzeru ndi cizolowezi ca kalankhulidwe ka kusukulu.

Vutoli n'lalikulu kuposa kafukufuku mmodzi. Evan Kidd ndi Rowena Garcia anawerengera mu 2022 nkhani za m'magazini anai akuluakulu a kakulidwe ka cinenero ca ana, ndipo anapeza kuti mwa zinenero pafupifupi 7,000 za pa dziko, 103 zokha ndizo zinalembedwapo, ndipo gawo lalikulu la nkhanizo linali la Cingerezi ndi zinenero zina za ku Ulaya. Nchito monga ya Katherine Demuth pa ana olankhula Sesotho, ndi ya Moira Chimombo ndi Al Mtenje ya mu 1989 pa momwe ana amaphunzirira kukana m'Cicewa, ndi zitsanzo zowerengeka pakati pa mulu waukulu.

4. Ululu m'Cinyanja: Mneni, Malo ndi Mvekero

Tiyeni tsopano tione cimene mwana wolankhula Cinyanja ayenera kuphunzira kuti anene za ululu wake. Coyamba n'cakuti m'kalankhulidwe ka masiku onse ululu umanenedwa ndi mneni, ndipo ciwalo ca thupi ndico mwininkhani. Timati mutu ukundiwawa, dzino likundipweteka, cala cikundiwawa. Munthu amakhala wocitiridwa, ciwalo n'kukhala wocita. Maina akuti ululu ndi zowawa alipo, koma amamveka kwambiri m'mabuku, m'maulaliki ndi pa wailesi kuposa pa bwalo pamene ana akusewera.

Caciwiri n'cakuti malo enieniwo amatha kukhala mwininkhani. Timati m'mimba mukuwawa, pakhosi pakuwawa, kumsana kukuwawa. Agwirizanitsi a malo awa, mu-, pa- ndi ku-, amanyamula tanthauzo limene dokotala amalifuna: mu- akuloza m'kati, pa- akuloza pamalo odziwika kapena pamwamba, ku- akuloza dera. Mwana akanena kuti m'khutu mukuwawa wanena cina, ndipo akanena kuti khutu likuwawa kapena pakhutu pakuwawa wanenanso cina. Demuth anaonetsa kuti ana olankhula Sesotho amakhala atagwira bwino kagwirizanidwe ka magulu a maina pofika zaka pafupifupi 3. Popeza Cinyanja cili ndi magulu a maina ofanana ndi amenewo, funso loyenera kwa ife ndi lakuti mwana amayamba liti kusiyanitsa mu-, pa- ndi ku- ponena za thupi lake. Funso limeneli silingabuke m'kafukufuku wa Cingerezi cifukwa cinenero cimeneco sicimanga ziganizo motero.

Cacitatu ndi kufalikira kwa matanthauzo. Mneni wakuti kuwawa amanena za bala, za tsabola, za mankhwala a kwinini, za mau a cipongwe, ndi za mtima wa namfedwa. Mwana amene wapatsidwa mankhwala akumwa n'kufunsidwa ngati pakuwawabe akhoza kuyankha za kukoma kwa mankhwalawo. Mneni wakuti kupweteka amanena za ululu ndiponso za kuvulala, kotero kuti mwana wofunsidwa ngati wapweteka akhoza kuyang'ana pakhungu, n'kuona kuti palibe magazi, n'kukana. Koposa onsewa ndi mneni wakuti kumva, amene amanena za khutu, za khungu, za kuzindikira ndi za kumvera. Mwana wosamva ndi mwana wopulupudza. Wamkulu akafunsa mwana kuti, "Ukumva?" mwana wolerendwa bwino amayankha kuti inde, posafuna kuyesedwa wamwano. Wotembenuza mafunso a ofufuza amene sanaganizire zimenezi adzatola mayankho ambiri osanena za ululu n'komwe.

Cacinai ndi aneni ofotokoza mtundu wa ululu. Ronald Melzack anafalitsa mu 1975 McGill Pain Questionnaire, mndandanda wa mau 78 a Cingerezi oikidwa m'magulu 20, kuti wodwala asankhepo ofotokoza ululu wake. Ofufuza a ku Finland ndi a ku Italy ataona kuti kutembenuza liu ndi liu sikukuthandiza, anasonkhanitsa mau a odwala ao n'kumanga mindandanda yaoyao. Cinyanja naco cili ndi cuma cake: m'mimba mukupota, m'mimba mukuluma, m'nthiti mukubaya, bala likuocha, thupi likuphwanya, mwendo wacita dzanzi. Dzina la nthenda ya cibayo linacokera kwa mneni wakuti kubaya. Mau awa mwana amawamva kwa amai ake ndi agogo ake tsiku ndi tsiku, ndipo ndiwo ayenera kukhala maziko a muyeso uliwonse wa kwathu kuno.

Cacisanu ndi mvekero, mtundu wa mau umene C. M. Doke anaufotokoza mu 1935 polemba za zinenero za Cibantu. Timati mutu ukugunda kuti gu gu gu, thupi lili juu, mwendo wangoti zii. Mvekero amatsanzira cimene thupi likumva, ndipo amayendera limodzi ndi manja, nkhope ndi kukweza kapena kutsitsa liu. Ngati Wittgenstein ananena zoona kuti mau amalowa m'malo mwa kulira, mvekero ali pakati pa ziwirizo, cifukwa ndi mau a cinenero koma akali ndi kamvekedwe ka thupi. Ku Japan odwala amagwiritsa nchito mau otere, monga zukizuki ponena za ululu wogunda ndi chikuchiku ponena za wobayabaya, ndipo madokotala a kumeneko amawamvetsera ngati zizindikiro. Kafukufuku wongowerengera maina ndi afotokozi adzaphonya mbali imeneyi, n'kugamula kuti mwana wathu ali ndi mau ocepa.

Pomaliza pa mbali ino, tisaiwale kuti mwana wa mu Lusaka amakulira pakati pa zinenero zingapo. Kumeneko ambiri amati mutu ubaba, pamene wa ku Cipata amati mutu ukuwawa. M'Cibemba mneni wakuti ukukalipa amanenanso za kupweteka, koma kukalipa m'Cinyanja ndi kudzudzula mwaukali. Namwino ndi mwana akhoza kugwiritsa nchito liu limodzi, aliyense akumva zake.

5. Nkhope za Papepala ndi Manambala

Pozindikira kuti mau a ana ndi ocepa, ofufuza anakonza miyeso yosadalira kwambiri kulankhula. Nancy Hester anakonza mu 1979 njira ya timapulasitiki tinai, timene mwana amatola molingana ndi kukula kwa ululu. Donna Wong ndi Connie Baker anafalitsa mu 1988 muyeso wa nkhope 6, kuyambira yomwetulira kufika yokhetsa misozi. Mu 1998 Chambers ndi Craig anaonetsa kuti nkhope yomwetulira imasokoneza mayankho, cifukwa mwana amasakaniza ululu ndi cisoni kapena mantha. Mu 2001 Carrie Hicks ndi anzake anafalitsa Faces Pain Scale – Revised, ya nkhope 6 zopanda kumwetulira ndi zopanda misozi, zowerengedwa kuyambira 0 mpaka 10. Kudzikonza kotereku n'cizindikiro ca kafukufuku wamoyo, ndipo ofufuzawo amavomereza kuti ana a zaka 3 ndi 4 amakonda kuloza nkhope za kumapeto, osati za pakati.

Komabe maganizo akuti cithunzi cilibe cinenero ndi okayikitsa. Umboni wotsutsa unapezeka kuno kwathu. Mu 1979 Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia anafalitsa kafukufuku woyerekeza ana a mu Lusaka ndi a ku Manchester pa nchito yotsanzira maonekedwe a zinthu. Ana a ku England anapambana pojambula ndi pensulo pa pepala, ana a ku Zambia anapambana popinda waya, ndipo poumba ndi dongo magulu awiriwo anafanana. Cimene cinasiyana cinali cizolowezi ca cipangizo, osati mphamvu ya maso kapena ya nzeru. Phunziro limeneli likukhudza miyeso ya ululu mwacindunji. Kuwerenga mzere wa nkhope kucokera kumanzere kupita kumanja, n'kuzindikira kuti ukuimira kukwera kwa cinthu cimodzi, ndi luso la mwana wozolowera mabuku. Mwana wa zaka 5 amene sanayambe sukulu akhoza kuloza nkhope imene yamukondweretsa, kapena imene akuganiza kuti wofunsayo akuifuna.

Manambala naonso ali ndi vuto lao. M'Zambia ambiri timawerenga m'Cingerezi ngakhale tikulankhula Cinyanja, ndipo mwana akhoza kuloweza manambala mpaka 10 ngati nyimbo asanadziwe kuti 7 amaposa 4. Kukula kwa cinthu m'Cinyanja timakusonyeza ndi mau akuti pang'ono, kwambiri, koopsa, ndiponso ndi kukoka liu ndi kubwereza. Mwana akati pang'ooono, kapena akati pakuwawa, pakuwawa, wapereka muyeso. Njira ya Hester ikuoneka yoyandikira moyo wa ana athu, pakuti ana amene amasewera ciyato ndi nsolo amadziwa kuwerenga miyala. Koma nayonso imapempha mwana kuti aone ululu ngati cinthu cogawika m'zidutswa, pamene cinenero cake cimaunena ngati cocitika. Motero iyenera kuyesedwa kaye pa ana athu, ndi mau osankhidwa bwino, isanakhulupiriridwe.

Kwa ana osalankhula pali miyeso yoyang'ana kacitidwe, monga FLACC ya mu 1997 yocokera ku Michigan, imene imaona nkhope, miyendo, kugwedezeka kwa thupi, kulira, ndi kutonthozeka. Muyesowu umaganizira mwana wogona yekha pa kabedi. Mwana wathu amafika pa cipatala ali kumbuyo kwa mai, womangidwa m'citenje, miyendo yosaoneka bwino, ndipo akangoyamba kulira amapatsidwa bere. Kuonjezera apo, mwana wosowa zakudya m'thupi kapena wodwala kwa nthawi yaitali nthawi zambiri salira mokweza, amangobuula kapena kukhala duu. Woyesa wosacenjera adzalemba nambala yocepa pa mwana amene akuvutika kwambiri.

6. Mwana Pamaso pa Wamkulu

Kenneth Craig, m'nkhani yake ya mu 2009, anafotokoza ululu ngati uthenga wodutsa pakati pa anthu awiri, womva ndi woona, aliyense ndi mbiri yake ndi zikhulupiriro zake. Maganizo amenewa ndi othandiza, ndipo akutipatsa mpata wofunsa za malamulo a kalankhulidwe amene mwana amabwera nao m'cipinda ca dokotala.

Serpell, m'buku lake la The Significance of Schooling la mu 1993, anafotokoza zimene anapeza pakati pa Acewa a m'boma la Katete, kuti nzeru za mwana zimaonedwa m'mbali ziwiri, kucenjera ndi kutumikira, ndipo m'kutumikira muli kumvera ndi kukhulupirika. Mwana woleredwa motero amadziwa kuti pamaso pa mlendo wamkulu sayenera kuculutsa mau, sayenera kumuyang'anitsitsa m'maso, ndipo kholo likakhalapo ndilo limayankha. Ofufuza ambiri amayesa kuti mwana akafunsidwa funso lacindunji ndi munthu wacilendo adzayankha za kumtima kwake. Ici n'cizolowezi ca mabanja ena, kumene ana amafunsidwa maganizo ao kuyambira ali aang'ono.

Palinso mau amene akulu timaphunzitsa ana pa nthawi ya ululu. Mnyamata akagwa timamuuza kuti mwamuna salira. Mtsikana timamuuza kuti alimbe mtima. Ena amaopseza mwana wovuta kuti akapanda kukhala cete adokotala amubaya nyeleti. Mwana wotere akafika pa cipatala ali ndi cifukwa comveka cokanira kuti pakuwawa, pakuti m'maganizo mwake kuvomera ndiko kuitana nyeleti. Sitikunena izi ponyoza makolo, pakuti kuphunzitsa mwana kupirira kuli ndi malo ake m'moyo wovuta. Tikungonena kuti kukhala cete kwa mwana nako n'kophunziridwa, monga momwe mau ake alili ophunziridwa, ndipo wofufuza ayenera kudziwa kuwerenga zonse ziwiri.

Kufunika kwa nkhaniyi kumaoneka bwino pa matenda a sickle cell, amene amagwira ana ambiri m'Zambia ndi m'maiko oyandikana nafe. Ululu wake umabwerabwera moyo wonse, ndipo cizindikiro coyamba kawirikawiri ndi kutupa kowawa kwa manja ndi mapazi, kumene kumatha kuyamba mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, asanadziwe liu lililonse. Mwana ameneyu adzadutsa magawo onse amene tafotokoza, kulira, mfuu wakuti mayo, kuloza, mvekero ndi ciganizo cathunthu, ali ndi ululu weniweni pa gawo lililonse. Mlingo wa mankhwala amene adzalandira udzadalira pa momwe womuyang'anira akumumvera.

7. Mau Omaliza

Taona kuti kafukufuku wa ululu wa ana anacotsa cikhulupiriro coipa, ndipo makanda ambiri apulumuka ku masautso cifukwa ca nchito imeneyi. Taonanso kuti zida zake zambiri zinasulidwa m'cinenero cimodzi ndi m'makhalidwe a mtundu umodzi wa mabanja, kotero kuti kuzitembenuza liu ndi liu kukhoza kubweza colakwa cakale m'njira yatsopano: mwana amene sanayankhe mogwirizana ndi pepala n'kuyesedwa kuti sakumva ululu waukulu.

Nchito imene ili patsogolo pathu ili m'mbali zinai. Yoyamba ndi kujambula ndi kulemba zolankhula za ana a miyezi 12 kufika zaka 6 ali pakhomo, m'midzi ya Cigawo ca Kum'mawa ndi m'makomboni a mu Lusaka, ndi cilolezo ca makolo, kuti tione ndondomeko imene mifuu, aneni, agwirizanitsi a malo ndi mvekero zimabwerera. Yaciwiri ndi kusonkhanitsa mau amene amai, agogo ndi ana okulirapo olera anzao amagwiritsa nchito mwana akavulala, pakuti kumeneko ndiko mwana amatola mau ake. Yacitatu ndi kuyesa miyeso yomwe ilipo, ya nkhope, ya miyala ndi ya kacitidwe, pamodzi ndi anamwino ndi akatswiri a maganizo a ana, poyerekeza ana a pa sukulu ndi amene sanayambe. Yacinai ndi kulemba kabuku kacidule ka mau a ululu m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za m'Zambia, kosonyeza mau amene matanthauzo ao amasemphana, kuti kagwiritsidwe nchito m'masukulu a unamwino.

Pamene nchito imeneyi ikuyembekezeka, pali cimene cinenero cenico cikutiphunzitsa kale pa kafunsidwe. Wofunsa ayambe ndi malo, pouza mwana kuti aloze pamene pakuwawa. Atsatize ndi mtundu wa ululu, pomufunsa ngati pakubaya, pakuocha kapena pakupota, ndipo amulole kutsanzira ndi liu ndi manja. Funso la kukula kwa ululu libwere pomaliza, mwana atatsimikiziridwa kuti yankho lake silimuitanira cilango, ndipo zimene mai wanena za kadyedwe, kagonedwe ndi kaseweredwe ka mwanayo zilembedwe pamodzi ndi nambala.